Funsani Amalume: Zoti kazitape wakale n'kumusemera chinyau zimachitikadi?

Mwezi uno ma meseji anu apendekera mbali imodzi, kaya mwachita kupangana kaya kwabwera bele la mabuku a akazitape okhaokha, ine ndasankhapo anayi ndipo ena ndawadula chifukwa anthu inu mumalemba ngati mukudandaula kwa ankhoswe.

Amalume, ndinagula buku la nthano kwa anyamata oyala mabuku pansi aja, lopanda ndi chikuto chomwe. Nkhani yake ndi ya mkulu wina amene anali kazitape wa boma kenako anasiya ntchito n'kumakhala phee kwawo, ndiye tsiku lina munthu wamkulu waphedwa, mfuti yapezeka ili ndi zala zake, mu akaunti mwake mwalowa ndalama zoti iye sakuzidziwa, nkhope yake ili pa TV paliponse. Akuthawa choncho n'kutulukira kuti amene akumusaka ndi mabwana ake akale omwewo, akubisa chiwembu chawo. Ndinawerenga mpaka 3 koloko m'mawa ndi tochi ya foni magetsi atazima. Koma zoterezi zimachitikadi kapena azungu amangotinamiza? (Mnyamata wa ku Ndirande)

Mphwanga, zimachitika, ndipo yoona yake ndi yowawa kuposa ya m'buku lakolo chifukwa siitha usiku umodzi. Khala pansi ndikuuze ya ku France, ine ndimaiona kuti ndi gogo wa nthano zonse zamtunduwu.

Mu 1894 ku Paris kunali mayi wina dzina lake Marie Bastian, ankasesa mu ofesi ya kazembe wa Germany, koma mwakabisira ankalandiranso ndalama kwa akazitape a asilikali a France, ntchito yake inali yotola mapepala ong'ambang'amba mu basiketi ya zinyalala n'kukapereka, anthu n'kumakamata tizidutswato kamodzikamodzi. Taona, ukazitape weniweni umayambira m'bini. Tsiku lina m'zinyalalamo munatuluka kapepala kosonyeza kuti msilikali wina wa France akugulitsa zinsinsi kwa Ajeremani. Mabwana anafuna munthu woti amupachike msanga, maso n'kugwera pa kaputeni Alfred Dreyfus, amene anali Myuda, ndipo nthawi imeneyo kudana ndi Ayuda kunali ponseponse ngati fumbi la mu Okutobala. Anati dzanja la pa kapepalako ndi lake. Mlandu unazengedwa chitseko chotseka, oweruza anapatsidwa fayilo yachinsinsi imene iye ndi loya wake sanaione n'komwe. Pa 5 January 1895 anamuimika pabwalo pamaso pa asilikali, kumusosola mabatani ndi nyota zonse, lupanga lake kulithyola pakati, kenako kumutumiza ku kachilumba kotchedwa Devil's Island kufupi ndi French Guiana kuti akafere komweko.

Tsopano munthu wa m'buku lako akulowa apa. Mu July 1895 mkulu watsopano wa ofesi ya akazitape ija anakhala Georges Picquart. Usaganize kuti anali mnzake wa Dreyfus ayi, naye Ayuda sankawakonda kwenikweni ndipo poyamba ankakhulupirira kuti wolakwa ndi yemweyo. Koma mu 1896 basiketi ya zinyalala ija inalavulanso kakalata kena kong'ambika, kopita kwa meja wina dzina lake Esterhazy, munthu wangongole thoo. Picquart anapeza makalata ena olembedwa ndi Esterhazy n'kuwaika pambali pa kapepala kanamangitsa Dreyfus kaja, dzanja lake ndendende. Anatsegula fayilo yachinsinsi ija n'kupeza kuti mulibe kanthu kogwirika.

Iye anachita zimene munthu wolongosoka aliyense angachite, anapita kwa abwana ake. Malinga ndi zimene iye mwini anadzafotokoza pambuyo pake, General Gonse anamufunsa kuti zikumukhudza chani ngati Myudayo akhalabe pachilumbapo, ndipo kuti iye akangotseka pakamwa palibe adzadziwe. Picquart anakana kuti chinsinsi chimenecho sapita nacho kumanda. Basi pamenepo ndi pomwe anaputa mavu. Anamuchotsa mu ofesi n'kumuponya ku Tunisia, makalata ake kumawatsegula, ndipo wachiwiri wake mu ofesi momwemo, Hubert Henry, anakhala pansi ndi sizasi ndi guluu n'kupanga kalata yabodza yotchula dzina la Dreyfus kuti nkhani ifere pomwepo. Mu January 1898 khoti la asilikali linamasula Esterhazy kuti ndi wosalakwa, womangidwa anakhala Picquart. Anamuchotsa usilikali, kenako n'kumusemera chinyau chenicheni, akuti kakalata kopita kwa Esterhazy kaja anachita kukapanga ndi iyeyo. Anakhala m'ndende pafupifupi chaka.

Wolemba Émile Zola ndi amene anasokosera dziko lonse ndi kalata yake mu nyuzipepala pa 13 January 1898, akutchula akuluakulu a asilikali mayina, naye anamuzenga mlandu mpaka anathawira ku England. Chomwe chinagwetsa bodza lija si mfuti ayi. Ofesala wina ankayang'ana kalata ya Henry ija pa nyale usiku n'kuona kuti timizere ta pepalalo tikusiyana mtundu, kusonyeza kuti ndi mapepala awiri omatidwa pamodzi. Henry anavomera pa 30 August 1898, tsiku lotsatira anamupeza m'chitolokosi atadzicheka pakhosi ndi lezala.

Ukanakhala wolemba buku ukanathera pamenepa eti? Moyo sunathere pamenepo. Mu 1899 anabweretsa Dreyfus kudzamuzenganso ku Rennes, loya wake wina anawomberedwa kumsana akupita kukhoti, ndipo oweruza, umboni wonse uli poyera chonchi, anamupezanso wolakwa. Pulezidenti anangomukhululukira, kukhululukira munthu wosalakwa. Dzina lake linayeretsedwa mu 1906, zaka 12 chiyambireni. Chaka chomwecho Picquart anabwezeretsedwa usilikali mpaka kukhala nduna yoona zankhondo, pamene Esterhazy wogulitsa zinsinsi weniweni uja anakakhala ku England n'kumwalira mu 1923 osalawako chilango. Ndiye buku lakolo pa nkhani ya kunamizira silikunama, likunama pa liwiro basi.

Zikomo Amalume. Ine chimandinyansa m'mabuku amenewa ndi choti munthuyo akangonamiziridwa amayamba kuthawa, kudumpha mipanda, kugona m'magalaja. Ngati ndi wosalakwa bwanji osangopita ku polisi kapena kwa loya kapena ku nyuzipepala n'kukanena zonse? Amuna anga akuti sindimvetsa, ine ndikuti wolembayo akungofuna kutalikitsa buku. (Mayi wa ku Area 25)

Mayi, theka mwalondola. Pali mabuku ena oti munthu akanangoimba foni imodzi nkhani ikanathera pa peji 40, amenewo ndi aulesi ndipo musawamvere chisoni. Koma bambo akunyumbawo nawo sakulakwa kwenikweni, chifukwa mukanena kuti apite ku polisi mukuganiza ngati polisi ndi anthu ena, chonsecho m'nkhani zimenezi wokusakayo ndi amene ali ndi makiyi a polisiyo. Mbuzi ikakasuma kwa fisi mlandu wake umatha bwanji?

Tengani za ku Joni nthawi ya tsankho. Kunja kwa Pretoria kunali famu yotchedwa Vlakplaas, kumene kunkakhala gulu la apolisi achinsinsi lopha anthu olimbana ndi boma. Mmodzi wa oyang'anira ake oyamba anali kaputeni Dirk Coetzee. Mu October 1989 wapolisi wakale wa gululi, Almond Nofomela, kutatsala tsiku limodzi kuti anyongedwe pa mlandu wina, anaulula kuti iye ankapha anthu potumidwa ndipo anatchula Coetzee. Coetzee, amene anali atachoka kale ku polisi atayambana ndi mabwana ake, anaona kuti zonse amukwezera iye yekha, ndiye anatuluka m'dziko kaye n'kuuza mtolankhani Jacques Pauw zonse, nkhani n'kutuluka mu nyuzipepala ya Vrye Weekblad mu November 1989. Mwaona ndondomeko yake, anathawa kaye, kulankhula pambuyo. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza ya Justice Harms mu 1990, Coetzee anapereka umboni, komitiyo sinamukhulupirire.

Ndiye imvani izi. Ali ku Lusaka kwa a ANC, ku positi kunafika phukusi la dzina lake, m'kati muli kawailesi ka kaseti kovala m'makutu kaja ndi tepi yolembedwa kuti ndi umboni wa magulu opha anthu. Pa phukusipo analemba kuti wotumiza ndi loya wachinyamata wa ku Johannesburg, Bheki Mlangeni, amene ankathandiza kufufuza nkhaniyi, chonsecho iye sanatumize kanthu. Coetzee sanalitenge phukusilo, linakhala miyezi kenako a positi anangolibweza kwa amene analembedwa kuti ndi mwini wake. Mu February 1991 Mlangeni anafika nalo kunyumba ku Soweto, anavala mahedifoni aja n'kudina kuti amvere, mabomba anali m'mahedifoni momwemo. Anafera pomwepo. Pambuyo pake zinadziwika kuti chinthucho chinakonzedwa ndi apolisi motumidwa ndi Eugene de Kock, amene ankatsogolera Vlakplaas nthawi imeneyo, yemwe mu 1996 anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse kawiri kuphatikiza zaka 212. Wolemba nthano akanalemba zimenezi mukanati wawonjeza mchere.

Winanso ndi Alexander Litvinenko wa ku Russia, ameneyu anachita ndendende zimene mukunenazo mayi. Mu November 1998 iye ndi anzake a mu FSB, bungwe la akazitape a boma la Russia, anaitana atolankhani ku Moscow n'kunena poyera kuti mabwana awo anawatuma kukapha wabizinesi Boris Berezovsky. Anamuchotsa ntchito, mu 1999 anamumanga pa milandu ina, khoti linamumasula, n'kumumanganso. Mu 2000 anathawira ku Britain. Pa 1 November 2006 anamwa tiyi mu hotela ina ku London ndi anthu awiri ochokera kwawo, mu tiyimo munali poizoni wa polonium-210, anamwalira pa 23 November. Kafukufuku wa boma la Britain mu 2016 anati anamupha ndi Andrei Lugovoi ndi Dmitry Kovtun ndipo kuti mwina Pulezidenti Putin anavomereza, a ku Russia amakana mpaka lero.

Koma pali bodza limodzi limene mabukuwa amakonda ndipo ndi limene ine limanditopetsa kuposa kudumpha mipandako. Amamujambula kazitape wakaleyo ngati mngelo amene anangosochera m'gulu la afiti. Coetzee uja sanali mngelo, anali nawo pa kuphedwa kwa loya Griffiths Mxenge ku Durban mu 1981, khoti linamupeza wolakwa mu 1997 ndipo anapulumukira pa chikhululuko cha komiti ya Truth and Reconciliation, imene inkafufuza milandu ya nthawi ya tsankho. Munthu amadziwa kumene kunakwiriridwa mitembo chifukwa naye anagwira nawo khasu, n'chifukwa chakenso kumunamizira sikuvuta, mbiri yake ndi yothimbirira kale ndiye ndani amukhulupirire.

Amalume tandiuzeni, zoti munthu mmodzi wazaka 50 n'kumenya asilikali 10 ali ndi mfuti, kenako kuthyola pasiwedi ya kompyuta ya boma pa mphindi ziwiri, amaphunzitsidwadi zimenezi? Ndikufuna ntchito imeneyi. (Wa Fomu 4, Kasungu)

Iwe lemba kaye mayeso. Ena amaphunzira zomenyana inde, koma ntchito yambiri ya ukazitape ndi kuwerenga mafayilo, kulemba malipoti, kumwa tiyi ndi anthu otopetsa kuti mwina tsiku lina adzakuuze kanthu, ndi kudikira. Picquart ndamutchula uja ndewu yake yodziwika kwambiri pa nkhani yonseyo ndi imene anamenyana malupanga ndi Henry mu March 1898 n'kumubaya pamkono, ndipo sinasinthe kalikonse. Imfa yake mu 1914 inabwera atagwa pa hatchi. Wazaka 50 akalumpha kuchoka padenga mawa lake amafuna mankhwala opaka m'mawondo ngati ine ndemwe.

Amalume, ine ndimalemba nthano zifupizifupi koma tsopano ndikufuna kulemba buku lonse lamtunduwu m'Chichewa, lochitikira konkuno. Anzanga akundiseka akuti ukazitape ndi za ku America, kuno kazitape athawira kuti poti aliyense amadziwana, akakwera minibasi kondakitala ndi msuweni wake. Kodi zingatheke? Ndiyambire pati? (Mphunzitsi wa ku Dedza)

Aphunzitsi, anzanuwo ayenera kuti anabadwa 1994 itadutsa. Afunseni makolo awo chifukwa chimene ankatsitsira mawu akafuna kutchula boma ngakhale ali m'nyumba mwawo momwe, ana atagona. Dziko lino linakhala zaka 30 ndi apolisi achinsinsi a Special Branch, Apayoniya ndi a Youth, munthu umatha kutengedwa usiku chifukwa cha mawu amene unayankhula pa mowa. Zoti aliyense amadziwana ndiye chuma chanu chimenecho, ku London munthu amasowa m'chigulu, kuno mlendo akafika pamudzi dzuwa lisanalowe amfumu adziwa kale ndipo ana amutsatira mpaka pakhomo. Kuthawa m'dziko lotere n'koopsa kwambiri, owerenga adzatuluka thukuta.

Ndipo mbiri yathu ili nazo kale zonse zimene mabuku akunjawa amachita kupeka. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto akuthawa m'dziko. Anthu ankadziwa kuti pali chinachake koma unganene kwa ndani. Zinatenga zaka zoposa 10, boma litasintha mu 1994, kuti komiti yofufuza ya Justice Mtegha ipeze kuti anthuwa anachita kuphedwa ndi apolisi kenako n'kuwaika m'galimoto kuti zioneke ngati ngozi. Dr Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu ndipo mu December 1995 khoti linawapeza osalakwa. Tsono taganizani za wapolisi wamba amene anauzidwa kuti ayendetse galimoto usiku umenewo, kapena kalaliki amene anataipa lipoti la ngozi akudziwa kuti ndi bodza, n'kukhala nazo pamtima zaka 10 akupita ku tchalitchi Lamulungu lililonse. Buku lili pamenepo.

Ngati mukufuna wa m'kati weniweni amene makina ake omwe anamutembenukira, werengani za Focus Gwede, mkulu wa Special Branch amene ankaopedwa dziko lonse m'zaka za m'ma 1970. Anamangidwa mu 1976 pa nkhani imodzi ndi Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, pa mlandu woukira boma, kuzengedwa ku khoti lamakolo kumene loya sankaloledwa. Muwalo ananyongedwa mu 1977, Gwede anakhala m'ndende mpaka 1993, m'dongosolo lomwelo limene iye ankatumizamo anzake. Sindikuti mulembe za iye ayi, ndipo chonde musatenge mayina enieni, mabanja a anthu onsewa alipo ndipo mabala sanapole, komanso mungadzapezeke kukhoti musanagulitse ndi buku limodzi lomwe. Pekani anthu anu, pekani ngakhale dzina la boma ndi chipani. Koma mantha ake, kachitidwe kake, tengani kwathu konkuno.

Poyambira, ine ndikanayamba ndi chinyaucho osati ndi kuthamangitsana. Khalani pansi mulembe kaye papepala lapadera kuti chinachitika chenicheni n'chani, anachita ndani, ndipo n'chifukwa chani asankha munthu wanuyu kuti asenze mlandu osati wina. Payenera kukhala chifukwa, mwina anasaina chikalata china kalekale osawerenga, mwina anachoka ntchito atatukwanizana ndi bwana pagulu ndiye aliyense akhulupirira kuti ali ndi mangawa, mwina amamwa. Kenako bodzalo mulisiyire kampata kamodzi kakang'ono ngati timizere ta pepala la Henry tija, koti wowerenga watcheru angakaone koma ambiri adutsa. Ikhoza kukhala risiti ya mafuta ya tsiku lolakwika, kapena buku la alonda a pageti loti tsamba limodzi linalembedwa ndi bolopeni ina. Maofesi athu amakonda kusaina ndi kudinda chilichonse, ndiye wobisa nkhani sangathe kuwotcha mapepala onse, kope ina imatsala mu kabati ya munthu amene anapuma ntchito kalekale ali kumudzi akuweta nkhumba.

Adani ake musawapange ziwanda zoseka mokweza. Gonse uja sankadziona ngati munthu woipa, ankati akuteteza ulemu wa asilikali. Wanunso akhale bambo waulemu wopereka chakhumi, amene pa maliro amalankhula bwino mpaka anthu kugwedeza mitu, ndipo pomuopseza munthu wanuyo asatulutse mfuti, angomufunsa mwaulemu kuti kodi mtsikana wanu uja akadali ku sekondale yogonera konko ija, dzina lake ndani paja.

Chinanso, munthu wanuyo musamupatse ndalama zosatha ndi mapasipoti 6 ngati a m'mabuku akunja. Akhale wa penshoni yochedwa, foni yosweka sikirini, mayunitsi atha pa nthawi yofunika, simu yake inalembetsedwa ndi chiphaso chake ndiye akangoimba adziwa pomwe ali. Adutse malire pa njinga ya kabaza m'njira zachidule za ku Dedza kwanuko, inu mukuzidziwa kuposa ine. Ndipo mkazi wake apatseni pakamwa, asangokhala wolira pakhonde, chifukwa apolisi akabwera kudzasecha nyumba amene amatsegula chitseko n'kuyankha mafunso ndi iyeyo, ndiponso amene amadziwa kuti envulopu ija ili pansi pa thumba la ufa ndi iye yemweyo.

Mukalemba machaputala atatu oyamba tumizani kuno ndiwaone, koma mutaipe, dzanja la aphunzitsi ndimalidziwa ine.